Nzama za Nagama ndi Nkhokwe ya Kwantamu

Senderani kuno, kokani mpandowo ufike pafupi, chifukwa nkhani iyi siifuna kukuwa. Eni ake akadali moyo, ndipo makutu awo ndi akuthwa kuposa makasu awo.

M'boma lina, kuseri kwa phiri lina, kumene msewu wafumbi umatopa n'kusanduka kanjira ka mbuzi, kuli mudzi umene dzina lake ndalisiya dala kunyumba. Mudziwo unakhala zaka zisanu ndi chimodzi wopanda mfumu, pakuti mabanja awiri ankalimbirana ufumu ndipo mlandu wawo unkangoyendayenda m'maofesi. Poona kuti anthu asowa wowalamula, mwayi unawagwera: unawapatsa a Bizaliele Chikakwiya.

A Chikakwiya anali Wapampando wa Komiti ya Chitukuko, Wapampando wa Komiti ya Nkhokwe ya Mbewu, Msungi Wamkulu wa Makiyi, komanso Mlangizi Wapadera wa Wapampando. Udindo womalizawu unkatanthauza kuti zinthu zikavuta ankakhala pansi n'kudzifunsa nzeru okha, ndipo sizinamvekepo kuti asemphana maganizo ndi mlangizi wawoyo. Jekete ankavala ngakhale mu Okutobala, m'thumba muli zolembera zitatu, cholemba chimodzi.

Nkhokwe ya Mbewuyo inali kanyumba ka njerwa zootcha, kamalata, kopanda windo, ka chitseko chachitsulo. Anamanga ndi a bungwe lina lachifundo amene anabwera, n'kujambulitsa, n'kumapita. Dongosolo lake linali labwino ndithu. Mukakolola, banja lililonse limasankha mbewu, kuisakaniza ndi phulusa, kuithira mumtsuko, kumata pakamwa ndi dothi, n'kukasiya kunkhokweko kuti anankafumbwe asaione ndiponso kuti njala ya m'nyumba isaikazinge. Mvula ikayandikira aliyense amakatenga mtsuko wake.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, Esinala Nagama, wa bondo limodzi lolira ngati chitseko ndi mutu wosaiwala kanthu. Mtsuko wake unali wa nzama. Inu okulira m'tauni mwina simudziwa: kumeneko nzama sadzala munthu wamba. Amadzala ndi mayi amene anaikapo mwana m'manda, ndipo wina aliyense akayerekeza, amati waitanira maliro pa ana ake. Alangizi a zaulimi anabwera kangapo kudzanena kuti zimenezo n'zabodza. Anthu anawaombera m'manja mwaulemu, n'kupitiriza kusadzala.

Nagama anaika mwana wake woyamba, Ndaziona, ali ndi zaka ziwiri. Atameta maliro, amayi ake anamutsanulira nzama zodzaza manja awiri, zakuda bii, za kadiso koyera, n'kumuuza kuti, "Tsopano izi ndi zako." Kuyambira pamenepo, zaka makumi atatu, sanaphonyepo chaka. Mtundu umenewo unali kwa iye yekha, ndipo ankadziwa kuti mbewuyo ikagona mumtsuko chaka chachiwiri mphamvu imatha. Anaipereka kunkhokwe monyinyirika, denga lake litayamba kudontha ndipo a Wapampando atabwera katatu kudzamulalikira za chitukuko.

Chaka chimenecho, m'nyengo yadzuwa, kunabwera Mtisunge, mwana wa mchimwene wake wa Nagama, kudzamanga chiliza cha bambo ake. Mtisunge anali mayi wamkulu ndithu, wophunzitsa pa yunivesite ina ya kutali, ndipo ankatchedwa dokotala ngakhale kuti jekeseni sankabaya. A Chikakwiya sakanalola munthu wotere achoke osayankhula pamsonkhano umene iwo akhala kutsogolo. Anasonkhanitsa mudzi wonse pansi pa mtengo wa mango, n'kulankhula mawu otsegulira kwa ola lathunthu, kenaka n'kupempha mlendoyo kuti afotokoze ntchito yake mwachidule chifukwa nthawi yatha.

"Ndimagwira ntchito pa makina amene amatchedwa kompyuta ya kwantamu," anatero Mtisunge. "Kompyuta wamba, ngakhale foni ili m'thumba mwanuyo, mkati mwake muli timaswichi tambirimbiri. Kalikonse kamadziwa mawu awiri okha: eya kapena ayi."

"Ndiye timaswichito tikuposa amuna anga," anatero mayi wina kumbuyo. "Iwo amangodziwa tiona."

Anthu ataseka n'kukhala chete, Mtisunge anatola chitsekerero cha botolo n'kuchizunguza patebulo.

"Chikuzungulira chonchi, chagona chagada kapena chafufumimba?"

"Zonse!" anthu anayankha.

Anachiphwanya ndi chikhatho. "Ndachigwira, chasankha mbali imodzi. Timaswichi ta kwantamu tili ngati chitsekerero chozungulira: eya ndi ayi zimakhala momwemo pamodzi, mpaka wina ayang'ane. Tikamazungulira tambiri limodzi, timagwira njira zambiri nthawi imodzi. Mayankho olakwa amafafanizana ngati mafunde akakumana m'beseni, lolondola n'kutsala. Ndipo tiwiri tikhoza kulumikizana, moti ngakhale kena kali kuno kena kutsidya kwa nyanja, ukayang'ana kamodzi wadziwiratu za kanzake. Vuto n'lakuti n'tamanyazi. Timafuna pozizira kuposa madzi oundana, ndi pachete. Kaphokoso pang'ono, zonse zabalalika."

"Nanga ife atithandiza chiyani makina amanyaziwo, mwanawe?" anafunsa Nagama.

"Akadali akhanda, azakhali. Akadzakula mwina adzathandiza kupeza mankhwala atsopano, ndipo maloko achinsinsi a m'mafoni adzafunika kusintha chifukwa adzatha kuwathyola. Koma ine chimene chimandisowetsa tulo ndi mizu ya nzama zanu. Timatuza tija ta kumizu timapanga chakudya cha nthaka kuchokera mumpweya, popanda fakitale. Akatswiri mpaka lero sanamvetse bwinobwino mmene zimachitikira. Makinawa akadzatiululira, feteleza sadzakhalanso chinthu cholirira."

Nagama anakonza duku lake. Zaka makumi atatu akulima chinthu chozunguza mitu ya madokotala, osadziwa!

Pamenepo foni ya a Wapampando inalira. Anadzuka n'kupita kuseri kwa mtengo akukuwa kuti, "Halo! Fulumirani, ndili pamsonkhano wa sayansi!" Motero anaphonya mawu awiri omaliza a Mtisunge, amene Nagama anawasunga monga amasungira zonse. Oyamba: zimenezi zimachitika pa tinthu tochepetsetsa tosaoneka ndi maso, osati pa mbuzi, pa thumba la chimanga kapena pa munthu. Achiwiri: makinawo akamaliza ntchito, pamapeto pake uyenera kuyang'ana, apo ayi yankho ulibe.

Mtisunge anabwerera kwawo. Mitambo inayamba kuda. Mmawa wina anthu anafola pakhomo pa nkhokwe, nkhata zili m'manja, kuti asenze mitsuko yawo. Anapeza pachitseko palembedwa ndi penti yofiira: NKHOKWE YA KWANTAMU, YOYAMBA M'CHIGAWO CHINO. A Chikakwiya anali ataimirira pampando.

"Abale ndi alongo," anayamba motero, "Komiti, itamva malangizo a Mlangizi Wapadera, yakweza nkhokwe yathu kufika pa mlingo wa mayiko akunja. Monga anatiphunzitsira dokotala, mbewu zanu panopa zilimo komanso mulibe. Zonse pamodzi. Tikatsegula n'kuyang'ana, zisankha mbali imodzi, ndipo zikasankha kuti mulibe, mlandu ndi wa amene wayang'anayo. Komiti siingaike mbewu za mudzi pachiswe chotere. Chotero kuyambira lero, kuyang'ana n'koletsedwa."

"Ndiye tidzala chiyani, a Wapampando?" wina anafunsa.

"Funso limenelo ndi la kompyuta wamba. Ife tadutsa pamenepo."

Tsiku lomwelo anadzipatsa udindo wachisanu, wa Mkulu Woyang'anira Kusayang'ana. Malamulo anatsatira. Popeza kwantamu imafuna pachete, kusinja pamtondo kunaletsedwa m'nyumba zonse zoyandikira nkhokwe, ndipo tambala wa a Zefaniya, mlembi wa Komiti, anaweruzidwa kuti ndi mdani wa chitukuko, n'kudyedwa ndi Komiti yomweyo pamsonkhano wadzidzidzi. Popeza kwantamu imafuna pozizira, amayi anagawidwa m'magulu kuti azithira madzi pakhoma kawiri patsiku. Mkulu wina amene anasuzumira pa mng'alu wa chitseko, n'kuona mdima wokhawokha, anauzidwa kuti akanawononga mbewu za mudzi wonse ndi diso limodzi, ndipo anapepesa atagwada.

Musaganize kuti anthu anali opusa. Ambiri ankadziwa fungo la nkhaniyo. Koma mayina a olandira thandizo lililonse lobwera m'mudzimo ankatuluka mu cholembera chimodzi chija cholemba, choncho aliyense anameza malovu, n'kupita kukapempha mbewu kwa achibale a midzi ina. Kenaka anaona kuti sayansiyo ili ndi ubwino wake. Bambo wina akafunsidwa ndi mkazi wake kumene anachedwa, ankati anali kutchalitchi komanso kumowa, ndipo kununkhiza m'kamwa n'kusokoneza kafukufuku. Mjigo umene unafa chaka chatha unalengezedwa kuti ukutulutsa madzi komanso sukutulutsa, bola osapopa. Kunabweranso akuluakulu ena pa galimoto, anazungulira nkhokwe chonyang'ama atavula nsapato, n'kunong'ona kuti midzi ina itengerepo phunziro.

Nagama yekha analibe kokapempha. Chimanga anapeza kwa mlamu wake, koma nzama zakuda za kadiso koyera zinali mumtsuko umodzi padziko lonse. Anapita kwa a Wapampando, n'kukhala pansi pakhonde, bondo likulira.

"A Chikakwiya, ndabwerera mtsuko wanga. Ndilowa nditatsinzina, ndiupapasa ndi manja. Uli ndi chibanthu pakhosi."

"Mayi, kupapasa n'kuyang'ana ndi zala."

"Mwana uja anati pamapeto uyenera kuyang'ana. Anatinso izi sizichitika pa thumba la chimanga."

"Sindinamve zimenezo."

"Munali pafoni."

"Zimene Wapampando sanamve sizinanenedwe. A Zefaniya, zili m'maminitsi?"

A Zefaniya anatsegula kope, n'kulitseka msanga asanaone, n'kunena kuti zilimo komanso mulibe.

Mvula inagwa, anthu anadzala, chimanga chinafika m'mawondo. Nthawi ya nzama, imene imabwera mochedwerapo, nayo inali kutha. Nagama anaunga mizere yake, ndipo mmawa uliwonse ankakaiyang'ana ili mbee, ikumera udzu. Madzulo ankasenza ndowa kukathira madzi pakhoma la nkhokwe monga mwa lamulo, akudzifunsa ngati akuziziritsa nzama za mayi ake kapena akusambitsa njerwa.

Tsiku lina anapita kukafuna bowa kuseri kwa phiri. Kumeneko a Chikakwiya anali atatsegula munda watsopano, waukulu moti kumapeto kwake munthu amaoneka ngati khwangwala. Sanalimitse anthu a m'mudzimo. Anaitana aganyu a kutsidya kwa mtsinje, anthu a miyambo ina, n'kuwatumizira mbewu pangolo ndi mawu amodzi: dzalani zonse. Iwo eni kumundako sankapondako, pakuti jekete siigwirizana ndi matope.

Nagama anadutsa chimanga, anadutsa nyemba, anafika pa kachigawo kamene poyamba anayesa mtedza. Anaima. Mtedza umatulutsa timasamba tinayi pa phesi limodzi. Apa tinali titatu. Anagwada ndi bondo lake lolira lija, n'kukumba ndi chala pansi pa mbande imodzi. Pamuzu panali patakakamirabe khungu la mbewu, lakuda bii, kadiso koyera kakumuyang'ana.

Anakhala pansi pompo kanthawi. Anabwezera mbandeyo, n'kuitsendera dothi bwinobwino. Bowa anamuiwala.

Kwa a Wapampando sanapite. Anapita kwa mkazi wawo, Nangondo, mayi wa ana asanu ndi awiri, onse amoyo, onse onenepa. Anamupeza akusankha nyemba. Nagama anakhala pansi chapatali, n'kuweramitsa mutu monga achitira munthu wofika pa siwa.

"Pepani, Anangondo. Ine sindinamve. Ndi mwana uti watisiya?"

Lichero linagwa. "Mukuti chiyani, Anagama? Mwana wa yani?"

"Wanu. Ndaona nzama zamera m'munda mwanu kuseri kwa phiri. Ndiye ndati anzathu aika mwana mwakachetechete, mwina chifukwa cha lamulo loletsa phokoso."

Nangondo anathamanga mpaka kumundako opanda nsapato. Pobwerera, lamulo la chete linathyoka m'njira yoti tambala wa a Zefaniya, kumene ali, anamva kuti anafera zazing'ono. Anawerenga ana ake mmodzimmodzi, n'kutuma uthenga kwa awiri amene anali kutauni kuti asakwere galimoto iliyonse. A Chikakwiya anati azula nzamazo, koma amayi achikulire anapukusa mitu: zikamera zamera, kuzula sikubweza kanthu. Njira inali imodzi. Mayi woyenera kudzala nzama aimirire pagulu n'kuvomera kuti mbewuyo ndi yake, mizereyo ndi yake.

Mmawa mwake mudzi wonse unasonkhana pakhomo pa nkhokwe. A Wapampando sanakwere pampando. Jekete anavala mopindika kolala.

"Abale," anatero, "mwasayansi, nzama zimene zili m'mundamo ndi zanga komanso si zanga."

"Bizaliele!" anakuwa Nangondo, n'kuwatchula dzina pamaso pa anthu koyamba chikwatirane. "Ana anga sadzakhala amoyo komanso akufa. Lankhula ngati munthu!"

A Wapampando anatembenukira kwa Nagama, manja atapinda. "Mayi, chonde, vomerani kuti nzamazo ndi zanu."

"Zanga bwanji, a Wapampando? Zanga zili m'nkhokwemu. Zilimo komanso mulibe. Munatiphunzitsa ndinu."

"Mulibe, mayi."

"Mwadziwa bwanji? Mwayang'ana?"

Panali kachete kokoma, kamene kwantamu ikanakondwera nako.

"Ndi... ndi kulumikizana kuja," anatero a Wapampando. "Dokotala anati ukayang'ana kamodzi wadziwa za kanzake. Munda ndi nkhokwe n'zolumikizana."

"Zinalumikizana ndi ngolo ya yani?" anafunsa mkulu uja anagwada chifukwa chosuzumira.

"Ine ndine wa kompyuta wamba," anatero Nagama. "Ndimadziwa eya kapena ayi. Sindingavomere nzama za kumunda pamene mwina zanga zili muno."

"Ndiye titsegule!" anatero a Chikakwiya, akusolola makiyi.

"Ayi!" mudzi wonse unayankha ngati kwaya. "Kuyang'ana n'koletsedwa!"

Ndinaonapo zinthu pamoyo wanga, koma tsiku limenelo Mkulu Woyang'anira Kusayang'ana anapempha chilolezo choyang'ana, n'kukanizidwa katatu. Wina anati adikire msonkhano wa Komiti. Wina anati afunse kaye Mlangizi Wapadera. A Zefaniya, amene mkamwa mwawo munali mukadawawa za tambala, anati pempholo alilandira komanso sanalilandire. Mpaka a Wapampando anagwada m'matope amene amayi anapanga pothira madzi pakhoma, jekete ndi zolembera zake zonse.

Nagama anayang'ana Nangondo, amene anali atafungatira mwana wake wotsiriza ngati wina akufuna kumulanda. Mantha amenewo ankawadziwa kuposa aliyense pamenepo, ndipo sanafune kuwasewera nawo nthawi yaitali.

"Tsegulani," anatero.

Loko analira, chitseko chinatseguka, ndipo anthu mazana awiri anayang'ana nthawi imodzi. Nkhokwe inasankha mbali. Munali phulusa pansi, mitsuko yopanda kanthu itasanjikizana pakona, ndi buluzi mmodzi wooneka kuti wakhumudwa ndi phokoso. Nagama analowa, n'kutuluka ndi mtsuko wa chibanthu pakhosi. Anauzondotsa. Munagwa kanzama kamodzi.

"Nzama zili kuseri kwa phirizo ndi zanga," anatero mokweza. "Anandipatsa ndi mayi anga nditaika Ndaziona. Mizere yake ndi yanga, ndipo ana a Nangondo zisawakhudze."

Nangondo analira mokweza, n'kumugwira miyendo. Anthu ena sanadikire misozi. Anayamba ulendo wa kuseri kwa phiri, ndipo pofika masana munda uja unali utagawidwa mizeremizere, banja lililonse gawo lake. Anthu amati sanaonepo munda wolimidwa bwino chotero, ndipo anathokoza a Wapampando powalipirira aganyu.

Mwina mukuti a Chikakwiya anathera pomwepo. Ndiye kuti mudzi umenewu simukuudziwa, kapena mukuudziwa koma mukunamizira. Nkhani itamveka kwa akuluakulu a galimoto aja, analamula kuti pakhazikitsidwe Komiti Yofufuza za Kusowa kwa Mbewu. Pofuna munthu wodziwa bwino mmene mbewuzo zinayendera, anapeza kuti woposa a Chikakwiya palibe. Anawasankha kukhala Wapampando. Komitiyo inakumana miyezi inayi, n'kulemba lipoti lokhuthala, n'kuliika mu envelopu, n'kumata, n'kulitsekera m'nkhokwe momwemo, poti malo analimo ambiri. Mpaka lero palibe analitsegula. Chotero a Bizaliele Chikakwiya ndi olakwa komanso osalakwa, ndipo chaka chino akupikisana nawo pa mpando wina waukulupo.

Nagama anakumba nzama zake mu Meyi. Anayang'anitsitsa timatuza ta kumizu, n'kutumiza mawu kwa Mtisunge kuti makina ake akadzakula abwere nawo adzaphunzire. Denga anafolera. Mtsuko wa chibanthu uli pansi pa bedi lake, ndipo pakamwa pake samatanso ndi dothi. Anangovundikira mbale, chifukwa Lamulungu lililonse, akachoka kutchalitchi, amagwada ndi bondo lolira lija, n'kuvundukula, n'kuyang'ana.

Mukamapita, nkhaniyi musaisiye pampandopo. Kaifotokozereni mnzanu mmodzi kapena awiri, makamaka amene kwawo kuli chitseko chimene anauzidwa kuti asatsegule. Dzina la mudzi musavutike nalo, adzalitchula okha.